Mbawa kapena senderela? Za mitengo yachilengedwe ya m'mapiri a Blantyre

Mayi a Tadala, Chilomoni:
Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndithandizeni ndi chithunzi ndatumizachi. Mtengowu uli pa puloti yomwe tagula kumtunda kwa Chilomoni, chakufupi ndi kokwerera phiri la Michiru. Mmisiri akuti tiudule tisanakumbe maziko, ati mizu idzang'amba simenti, ndiponso ati ndi senderela wamba. Apongozi anga akukanitsitsa, akuti ndi mbawa. Anyamata odula abwera kale ndi nkhwangwa, ndangowauza kuti ayambe adikira.

Kalipentala wa pa Ndirande:
Amayi, mwajambula patali, tikungoona kubiriwira basi. Pitani pafupi, thyolani tsamba, mulifikise m'manja n'kununkhiza. Senderela amatulutsa fungo la adyo, losasangalatsa. Mbawa ulibe fungo limenelo. Kenako yang'anani pansi pa mtengowo. Mbawa umagwetsa zigoba zolimba zozungulira, zong'ambika panayi kapena pasanu, m'kati mumakhala njere zopyapyala zoti mphepo ikawomba zimauluka. Zigoba za senderela ndi tating'ono, sitikwana n'chala chachikulu chomwe. Ife pa benchi timazindikira ndi thabwa: onse awiri ndi ofiirira, koma senderela ndi wopepuka, pulena imangodutsa, pomwe mbawa umalemera ndipo ukaupolisha umawala zenizeni. Ambiri agulitsidwa mipando ya senderela pa mtengo wa mbawa, ndingoti pamenepo.

Mayi a Tadala, Chilomoni:
Ndapita. Fungo la adyo palibe. Zigoba ndatola zitatu, nazi pa chithunzi, china chili ndi njere m'kati.

Madala opuma a za nkhalango:
Umenewo ndi mbawa, mayi, musakayikenso. Apongozi anu ali ndi maso. Werenganinso timasamba pa tsamba limodzi, mupeza kuti n'tochepa, tokhala tiwiritiwiri moyang'anana, pomwe tsamba la senderela ndi lalitali, timasamba tambirimbiri tosongoka. Senderela kwawo ndi ku Asia, anachita kubwera nayo. Mbawa ndi wakonkuno, umakonda m'mbali mwa mitsinje ndi m'makhwawa. Koma ndisakunamizeni, mmisiri wanu sakunama pa nkhani ya mizu. Mbawa umakula kwambiri, kudutsa mamita 30 pamalo pabwino. Ngati puloti ikulola, sunthani nyumba, mtengo ukhale ku ngodya. Ngati ndi kapuloti kakang'ono, mudzavutika nawo ndithu. Yezani kaye mtunda musanagamule.

Mayi a Tadala, Chilomoni:
Zikomo bambo. Malo alipo, tikambirana ndi abambo a kunyumba. Anyamata aja ndawapatsa ya thiransipoti abwerere.

Aphunzitsi a ku Bangwe:
Nkhani imeneyi yandikhudza. Sabata yatha ndinafunsa ana a Sitandade 7 kuti atchule mitengo yachilengedwe yomwe amaidziwa. Mayankho: mango, bulugamu, gwafa, keshya, jakaranda. Mwana mmodzi yekha ndiye anatchula msuku, chifukwa kwawo ndi ku Chiradzulu. Sindinawakalipire, nanga aiona kuti? Phiri la Bangwe ndi la Mpingwe akulidziwa lili mbee. Ana amenewa amakwera minibasi pa Mibawa, ena amakhala ku Kachere, koma mbawa kapena kachere sangauloze.

Mwana wa ku Machinjiri:
Aphunzitsi pepani, mango si wachilengedwe? Ine ndimaona ngati ndi wathuwathu kkkk

Chemwali wa ku Zomba:
Iyayi achimwene. Mango kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo. Gwafa, papaya ndi jakaranda ndi za ku America. Bulugamu ndi wa ku Australia, malaina ndi keshya wa milimo ndi za ku Asia. Palibe cholakwika kudya mango, tonse tinakulira momwemo. Koma tikati mitengo yachilengedwe ya ku Blantyre tikunena ija inamera yokha m'mapirimu munthu asanaidzale: mombo, mchenga, tsamba, msuku, muwanga, mlombwa, muula, thombozi, msolo, naphini, mpoza, nthudza, mateme. M'mitsinje ngati Mudi, Naperi, Nasolo ndi Likhubula ndiye munali mbawa, mwimbi, katope, mkuyu, msopa, chonya. Pamwamba penipeni pa Soche ndi Ndirande panali nkhalango ina yosiyana, yobiriwira chaka chonse chifukwa cha nkhungu ndi chiperoni.

Malume a ku Johannesburg:
Kuno ku Joni ndi ku Pretoria jakaranda ali mbwee m'misewu, Okutobala mzinda wonse umachita bii ndi maluwa ake, alendo amajambulitsa. Koma boma la kuno linamuika pa mndandanda wa zomera zobwera zomwe zimalanda malo a zachilengedwe. Ndinadabwa nditamva. Ife kwathu timadzala chilichonse chobiriwira n'kumati tabwezeretsa chilengedwe.

Achimwene a ku Chilobwe:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndiyankhuleko. Ena mukukamba mutakhuta. Munthu wa ku Chilobwe kuno, Manja, Zingwangwa, akadzuka m'mawa akufuna moto wophikira phala. Magetsi alibe, amene ali nawo amazima, gasi ndi wa anthu a malipiro. Ndiye mukamuuza kuti dzala muwanga udzakolole zidzukulu zako zitakula, akumvani? Bulugamu zaka zochepa chabe wakupatsa milimo ya denga, nkhuni, ukadula aphukanso. Musamunyoze bulugamu. Nyumba zambiri mu mzinda muno zafoleredwa ndi iyeyo.

Kalipentala wa pa Ndirande:
Apa achimwene anena zoona. Ine mabedi ambiri masiku ano ndikukhoma a bulugamu ndi paini. Mlombwa weniweni ukapezeka, mtengo wake kasitomala amathawa. Wambiri umene ukubwera pa msika si wa kuno.

Madala opuma a za nkhalango:
Achimwene a ku Chilobwe, sindikutsutsani, ndipo ineyo ndi mmodzi mwa amene tinadzala bulugamu wambiri. M'zaka za m'ma 1980 kunayamba Blantyre City Fuelwood Project ndi thandizo la dziko la Norway, cholinga chake chinali chomwe mukunenachi, kuti mzinda upeze nkhuni kuchokera ku minda ya bulugamu, nkhalango zachilengedwe zipume. Maganizowo sanali oipa. Bulugamu ali ndi malo ake: pa munda wa nkhuni, m'malire, pa mtunda pouma. Pamene sayenera kukhala ndi pa kasupe, m'dambo ndi m'mbali mwa mtsinje, chifukwa amakula msanga ndipo amamwa madzi chaka chonse, chilimwe chomwe. Mitengo yathu ya m'mapiri yambiri imayoyola masamba nthawi yotentha, imapuma.

Koma mfundo yanga yaikulu ndi iyi, ndipo ndikufuna muimvetse. Inu mukuti muwanga kapena mombo umachedwa. Umachedwa ukayambira ku njere. Pitani pa Soche pomwepo, kapena Ndirande, kapena Mpingwe, malo amene anthu sanazule zitsa, muweramire pansi. Mupeza zitsa zikuphuka. Mupezanso timitengo tofika m'mawondo timene mukatikumba mupeza muzu wonenepa kuposa mkono. Si mbande zimenezo, ndi mitengo yakale yomwe yakhala ikudulidwa ndi kupsa chaka ndi chaka, koma pansi ili moyo. Mitengo ya mtundu wa mombo imayamba yamanga mizu, kumtunda kumabwera pambuyo. Chitsa chotero mukachiteteza ku moto, mbuzi ndi chikwanje, n'kupatulira mphukira kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, chimathamanga kuposa mbande ya mu chubu, chifukwa muzu wake unafika kale pa chinyontho. Zomwe mwapatulazo ndi nkhuni zanu za lero. Simunagule chubu, simunathirire, simunanyamule kanthu kukwera nako phiri.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pa tsiku lodzala mitengo, anthu amayamba alambula malo. Amasenga mphukira zomwezo kuti pakhale poyera, akumbe mayenje, adzale mbande zogula.

Aphunzitsi a ku Bangwe:
Bambo, apa mwalasa. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, ndipo chaka chilichonse timaona zomwezo. Matisheti, zikwangwani, mlendo wolemekezeka agwira khasu, zithunzi, fanta, basi. Pofika Ogasiti pitani mukaone. Amawerenga mbande zodzalidwa, zopulumuka sawerenga. Ife tili ana nthawi ya Kamuzu tinkadzala mu Januwale, mwana aliyense ndi mtengo wake, ukafa unkayankha kwa ahedi.

Achimwene a ku Chilobwe:
Madala ndamva, koma ndani ateteze? Ine ndipatulire chitsa changa bwinobwino, usiku wina abwere adule, kapena anyamata osaka mbewa ayatse moto Seputembala. Phiri lilibe mwini. Ndipo zitsa zomwe mukunenazo owotcha makala akuzikumba masiku ano, chifukwa mitengo yoimirira inatha.

Madala opuma a za nkhalango:
Kukumba zitsa ndiye imfa yeniyeni ya phiri. Nkhwangwa imavulaza, khasu lokumba chitsa limapha. Pomwe zitsa zazulidwa, pamenepo ndiye pofunika mbande, palibe kuchitira mwina. Za moto, kale tinkatentha tchire molawirira, Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, m'mawa kapena madzulo kopanda mphepo. Moto wotero umangonyambita, mphukira zimapulumuka. Moto wa Seputembala ndi Okutobala ndi umene umapha, chifukwa udzu wauma gwaa ndipo mitengo yangotulutsa kumene masamba atsopano, ofiira aja mumawaona mvula isanagwe. Za mwini, mwanena zoona. Malo amene ndaona zikuyenda ndi pomwe anthu agawana chigawo, aliyense akudziwa kuti apa ndi pathu, amfumu kapena komiti ikudziwa, ndipo phindu likuoneka: nkhuni zopatula, udzu wofolera, bowa, ming'oma ya njuchi. Lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020, lili ndi zilango zokhwima, koma mlonda mmodzi sangalondere phiri lonse.

Nachisale wa ku Manja:
Ine sindimafuna kuyankhula koma nkhani ya Soche imandiwawa. Malichi 2023, namondwe wa Freddy, tinaona ndi maso athu matope ndi miyala zikutsika phiri. Anthu amene tinkapemphera nawo mpaka lero sanapezeke. Ndiye ndikamva wina akuti phiri lilibe mwini, mtima umandipweteka. Likagumuka limadziwa kopita, ndi kwa ife okhala m'munsi.

Achimwene a ku Chilobwe:
Pepani mayi. Ifenso tinataya abale, sindinanene monyoza.

Chemwali wa ku Zomba:
Pepani kwambiri amayi, ndi nonse a ku Chilobwe. Ndingowonjezera mosamala, kuti tisalonjeze anthu zomwe mitengo singathe. Mvula ya Freddy inagwa masiku angapo osalekeza, ndipo mapiri anagumuka ngakhale ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Pamalo otsetsereka kwambiri, dothi likakhuta madzi limatha kutsika ndi mitengo yomwe. Chimene nkhalango imachita ndi kugwira dothi la pamwamba, kuchedwetsa madzi kuti alowe pansi, ndi kuchepetsa zigwembe. Zimenezo n'zazikulu, koma sizikutanthauza kuti tikadzala mitengo ndiye kumanga nyumba m'khwawa la phiri kwakhala bwino.

Nachisale wa ku Manja:
Ndamva mwanangu. Ena anabwereranso malo omwewo, nanga apite kuti.

Mwana wa ku Machinjiri:
Funso langa ndi la masuku. Ine ndimawakonda heve. Ndinadzala njere kuseri kwa nyumba sizinamere. Mnzanga zake zinamera koma timbande tinachita chikasu n'kufa. Ndiye ndi zoona zija amati msuku sadzala munthu?

Chemwali wa ku Zomba:
Amadzala achimwene, kungoti msuku uli ndi malamulo ake. Njere yake sisungika. Mukadya suku lero, tsukani njereyo mudzale masiku omwewo, mukaiumitsa pa dzuwa kapena kuisunga miyezi yafa. Chinanso, msuku umakhala pa ubale ndi bowa wa m'nthaka amene amamatirira ku mizu yake n'kumauthandiza kupeza chakudya. Dothi la kuseri kwa nyumba za m'tauni nthawi zambiri mulibe bowa ameneyu, n'chifukwa chake mbande za mnzanuyo zinachita chikasu. Katapeni dothi lapamwamba pansi pa msuku waukulu musakanize m'machubu. Musaiwalenso kuti pali msuku waumuna ndi waukazi. Waumuna umachita maluwa koma subala, ndipo simungausiyanitse uli waung'ono, ndiye dzalani ingapo osati umodzi. A bungwe lofufuza za mitengo la ICRAF anagwirapo ntchito ya zipatso zachilengedwe ku Makoka, kufupi ndi Zomba kuno, kuphatikizapo kumezanitsa misuku kuti ibale msanga.

Agogo aakazi a ku Lunzu:
(Akundilembera ndi mdzukulu wanga.) Zimene akunena mtsikanayo ife tinkazidziwa mwa njira yathu. Bowa wa manyame ndi ndelema tinkazula m'misuku ndi m'miyombo, mvula zoyamba zikagwa. Mu bulugamu simungapeze manyame. Anadula mitengo, bowa anapita nawo. Lero bowa tikugula wochokera kutali, kambale kamodzi ndalama zoti kale unkagula nkhuku. Mombo tinkasenda luzi lomangira nyumba, koma sitinkasenda kuzungulira mtengo wonse, unkasenda mbali imodzi kuti upole. Muwawani ndi wa m'mimba, khungwa lake lowawa zedi. Ana a lero akafuna mankhwala amasenda mtengo wonse mpaka kuuimika maliseche, mawa lake wauma. Mukafuna kuona mitengo ya makolo pitani ku manda a kumudzi. Kumeneko nkhwangwa imaopa.

Madala opuma a za nkhalango:
Agogo anena chinthu chachikulu. Kuyambira ku Lunzu, Chileka, Mpemba mpaka Chigumula, mukaona kachitsamba ka mitengo yachilengedwe pakati pa minda, kawirikawiri ndi manda. Ife tikafuna kudziwa kuti dera linali ndi mitengo yanji, tinkayang'ana kumeneko. Koma musalowe nokha kukatola njere, pitani kwa amfumu mupemphe, akupatseni munthu. Malo ena otsala ndi Michiru, mbali yosungidwa ija, ngakhale nayonso yadyedwa koopsa zaka zapitazi ndi makala ndi mauvuni a njerwa. A bungwe losamalira nyama zakutchire ndi chilengedwe la WESM akhala akutengera ana a sukulu kumeneko kwa zaka zambiri.

Kalipentala wa pa Ndirande:
Poti tikuphunzitsana, ndiikepo zanga zomwe ndinaphunzira kwa bambo anga, anali ocheka matabwa. Mlombwa ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati magazi, ndipo chipatso chake ndi chozungulira chopyapyala, pakati pali minga. Ukachiona kamodzi sudzaiwala. Muwanga khungwa lake limasupuka zigambazigamba, pena poyera pena pofiirira, ndipo mtengo wake chiswe chimalephera, n'chifukwa chake nsanamira za nkhokwe zinali za muwanga. Thombozi ndi mwimbi zimatuluka utomoni woyera, koma thombozi ndi wa kumtunda, masamba ake olendewera, mwimbi ndi wa kumadzi, masamba ataliatali omera mozungulira nthambi. Msambamfumu njere zake zakuda zovala kachipewa kofiira. Mvunguti aliyense amaudziwa ndi zipatso zake zolendewera zija.

Mwana wa ku Machinjiri:
Mvunguti timaudziwa pa zifukwa zina bwana kkkkk

Woyang'anira gulu:
Achimwene a ku Machinjiri, pa gulu pano pali agogo ndi aphunzitsi. Tibwerere ku mitengo.

Aphunzitsi a ku Bangwe:
Vuto lina lomwe ndakumana nalo ndi maina. Ndinapita kukagula mbande za mtangatanga poganiza kuti ndi wachilengedwe, wina n'kundiuza kuti umene amagulitsa m'manazale ambiri ndi wobwera. Ndiye tizidziwa bwanji?

Chemwali wa ku Zomba:
Anakuuzani zoona aphunzitsi. Dzina limodzi limatha kugwira mitengo iwiri. Mtangatanga wa m'nazale kawirikawiri ndi Albizia lebbeck wa ku Asia, uja zikhokhombe zake zouma zimachita phokoso kukawomba mphepo, pomwe m'tchire mwathu muli achibale ake achilengedwe amene ena amawatchulanso chimodzimodzi. Mtondo nawo ndi choncho, wa ku chigwa cha Shire wobala zipatso si womwewo ndi wa m'nkhalango za kumtunda. Komanso mu Blantyre muno tasakanikirana, Amang'anja, Ayao, Alomwe, Angoni, Asena, aliyense ndi dzina lake. Chitimbe ena amati msekese, katope ena amati nyowe. N'chifukwa chake dzina la sayansi limathandiza, silisintha ndi dera.

Mukakanika kuzindikira chomera, kuno ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987. Amasunga zomera zoumitsa zambirimbiri zochokera m'dziko lonse, ndipo ntchito yawo ndi yomweyi. Munda wa zomera wa ku Zomba ndi wakale kwambiri, unayamba m'ma 1890 ndi Alexander Whyte, yemwe dzina lake lili pa mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei. Kakonzedwe ka chitsanzo n'kosavuta. Dulani kanthambi kokhala ndi masamba, ndipo ngati n'kotheka duwa kapena chipatso, chifukwa masamba okha amanamiza. Kayaleni pakati pa nyuzipepala, muike makatoni pansi ndi pamwamba, mutsindikize ndi njerwa. Sinthani nyuzipepala tsiku lililonse mpaka kaume, apo ayi kachita nkhungu. Pa kapepala lembani malo, tsiku, kutalika kwa mtengo, maonekedwe a khungwa, mtundu wa utomoni, mtundu wa duwa lisanaume, ndi dzina lomwe anthu a pamalopo amautchula.

Malume a ku Johannesburg:
Palinso iNaturalist pa foni. Umajambula, kutumiza, anthu odziwa amakuthandiza dzina. Kuno anthu amaigwiritsa ntchito kwambiri.

Chemwali wa ku Zomba:
Eya malume, ndi yabwino, inenso ndimaigwiritsa. Koma dzina loyamba lomwe foni imakupatsani musalitenge ngati uthenga wabwino, makamaka pa mitengo ya kwathu kuno yomwe zithunzi zake n'zochepa. Dikirani anthu atsimikize. Jambulani zinayi: mtengo wonse, khungwa, tsamba pafupi mbali zonse ziwiri, ndi duwa kapena chipatso. Ndipo chonde, za bowa musadalire foni ngakhale pang'ono. Bowa funsani agogo.

Agogo aakazi a ku Lunzu:
Auzeni amenewo. Bowa wosamudziwa sadya.

Bambo a mpingo, Chirimba:
Ife a mpingo wathu tili ndi malo m'mbali mwa mtsinje, tikufuna kudzala Disembala ikubwerayi. Tinaganiza zogula mkungudza poti ndi mtengo wa fuko, ndi nsangu poti amati umawonjezera chonde. Mutilangize.

Madala opuma a za nkhalango:
Abusa, maganizo abwino koma mitengo mwasankhayo si ya pamenepo. Mkungudza ndi wa pamwamba pa phiri la Mulanje, kozizira, kwa nkhungu. Unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, ndipo uli pafupi kutheratu m'chilengedwe, koma kuudzala m'mbali mwa mtsinje ku Chirimba si kuupulumutsa. Nsangu ndi wabwino m'munda wa chimanga chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja, mbewu zimapeza dzuwa ndi manyowa, koma umasangalala kwambiri ku zigwa ndi kunyanja. Kukhala wa m'Malawi sikutanthauza kuti umera paliponse m'Malawi. Pa mtsinje wanuwo dzalani katope kufupi ndi madzi, mwimbi, msopa, mkuyu, ndipo chakumtunda pang'ono mbawa ndi msikidzi. Mkuyu ndi kachere simufunikanso njere, mumangodula nthambi yokhwima n'kuzika mvula ikayandikira. Mlombwa nawo ena amazika nthambi, zina zimagwira zina ayi. Musanagule kanthu, yendani pamalopo ndi munthu wodziwa, muike zikhomo pa chilichonse chomwe chikuphuka chokha, kuti achinyamata olambula asasenge. Mungadabwe kuti theka la ntchito yachitika kale. Njere zodalirika zimapezeka ku FRIM, malo a boma ofufuza za nkhalango ku Zomba, kapena funsani ku ofesi ya za nkhalango ya boma. Za mbawa musazisunge nthawi yaitali, sizichedwa kufa.

Bambo a mpingo, Chirimba:
Zikomo kwambiri bambo. Sindine m'busa, ndine mkulu wa mpingo chabe, koma uthenga ndikafikitsa. Nanga nsungwi?

Madala opuma a za nkhalango:
Nsungwi zimagwira gombe bwino, dzalani. Zilipo zachilengedwe, zilipo zobwera zikuluzikulu zija. Zonse zimathandiza pa nkhuni ndi zomangira, bola musadzaze malo onse ndi nsungwi zokhazokha.

Nachisale wa ku Manja:
Mukukamba mitengo yokhayokha, nanga zomera zing'onozing'ono? Gondolosi akugulitsidwa pa mphambano iliyonse m'tauni muno, mitolo ndi mitolo. Amenewo ndi mizu, ndiye kuti chomeracho chakumbidwa. Alipo amene akudzala?

Chemwali wa ku Zomba:
Funso labwino amayi. Gondolosi ndi chomera choyanga, Mondia whitei, chimakonda m'nkhalango zachinyontho, ndipo wambiri amene mukumuona pa msika ndi wokumba m'tchire. Amadzalika, kuchokera ku njere, bola mumupatse mtengo woti ayangepo. Chimodzimodzi chinaka, chija ena amati chikande, ndi timizu ta maluwa a m'madambo ndi m'mapiri, ukakumba watenga chomera chonse. Palinso ndiwo zathu, luni, denje, chewe, zomwe timapalira ngati udzu. Ndipo pali adani: lantana uja wa timaluwa tamitundumitundu ndi timinga, anabwera ngati duwa la pa mpanda, pano wadzaza m'makhwawa ndipo pansi pake sipamera kanthu. Ameneyo ndiye zulani ndi mizu yomwe.

Achimwene a ku Chilobwe:
Chabwino, ine ndine Tomasi, ndimakhulupirira ndikaona. Madala, bwerani mudzandionetse zitsa zamoyozo pa Soche. Mukandionetsa khumi, ine ndikaitana anyamata a m'dera lathu, ena mwa iwo ndi omwe amawotcha makala, mudzawauze nokha. Koma musabwere ndi chizungu chambiri, ndipo musabwere ndi apolisi.

Madala opuma a za nkhalango:
Ndavomera. Mawondo anga ndi okalamba, ndiye tidzayenda pang'onopang'ono. Ndidzabwera ndi chikwanje chimodzi chokha, chophunzitsira kupatulira. Koma tiyambe tadziwitsa amfumu ndi a za nkhalango, chifukwa kumtundako ndi nkhalango ya boma, sitingangolowa ndi zikwanje ngati kwathu.

Aphunzitsi a ku Bangwe:
Ngati ndi Loweruka ndibwera ndi ana ochepa a kalabu ya zachilengedwe, makolo akalola. Adzanyamula makope azidzalemba maina.

Woyang'anira gulu:
Tagwirizana Loweruka loyamba la mwezi wa mawa, 7 koloko m'mawa, dzuwa lisanakwere. Achimwene a ku Chilobwe, inu mukaonane ndi amfumu. Madala, inu a za nkhalango mukuwadziwa. Pokumanira ndilengeza Lachinayi. Aliyense madzi ake ndi nsapato zotseka. Palibe kuzula mbande kapena kukumba mizu kuti mukadzale kwanu, tikupita kukaona ndi kulemba.

Chemwali wa ku Zomba:
Ine ndidzakwera ya m'mamawa kuchokera ku Zomba, ndikachedwa ku Limbe mundidikire. Amene ali ndi nyuzipepala zakale ndi makatoni abweretse, zanga sizikwana.

Mwana wa ku Machinjiri:
Makatoni ndibweretsa ine, ndimagwira ntchito mu shopu.